Palafini m'thanki ya lole ya a Longwe

Za ubwana wanga sindilemba. Ndinabadwira ku Ntcheu, ndinaweta mbuzi, sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Basi. Inu ana anga mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito yanga, popeza pakamwa sindinena zambiri. Ndalemba zimene ndikukumbukira.

M'ma 1980: Chintheche

Kunyanja kuno ndinafika nditakhala pamwamba pa lole ya miyala. Kampani ina inkakonza msewu, ndipo inandilemba ntchito yokweza ndi kutsitsa katundu. Dalaivala wanga anali mkulu wina wa ku Mangochi, Che Amidu, munthu wosaseka. Chiwongolero anandigwiritsa mochedwa. Ntchito yanga inali kutsuka injini, kuika mwala kutayala tikaima pachitunda, ndi kukhala chete. Funso lake linali limodzi: "Ukumva chiyani?" Ndikati sindikumva kanthu, ankati, "Ndiye tsika ukakhale kumbuyo ndi miyala inzako." Ndinaphunzira kumvetsera injini chifukwa choopa dzuwa la kumbuyoko. Laisensi ndinakatenga ku Mzuzu. Ntchito ya msewu itatha kampani inapita, Che Amidu anabwerera kwawo, ine ndinatsala. Ndinali nditaona amayi anu, NyaMhone, akuyanika chinangwa pathandala ku Kande. Chitonga changa chinali "yewu" yekha, zikomo wa kuno, Chichewa chawo chinali cha kusukulu. Tinamvanabe.

M'ma 1990: Tukombo

A Longwe anali mwini maukonde ndi maboti ku Tukombo, komanso mkulu wa mpingo. Anaphunzira ku Bandawe, anagwirako ntchito ku migodi ya ku Zambia, ndipo pobwerera anagula lole. Tsiku londilemba ntchito sanafune kuona pepala lililonse.

"Mumamwa, a Chisale?"

"Ayi."

"Matola mumanyamula?"

"Mukandiletsa sindinyamula."

"Ndakuletsani. Makiyi ndi awa."

Ndinayendetsa lole yawo zaka zambiri. Yoyamba itakalamba anagula ina, nayonso ndinayendetsa ndine. Ndinkanyamula usipa wouma kupita nawo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, mpunga wa ku Limphasa, pobwerera simenti ndi malata. A Longwe sankayamika munthu. Akakhutira nawe ankangokuitana kuti "Ada", ndiko kuti "bambo" m'Chitonga. Ine zinkandikwanira.

Pali ntchito ina imene lole ija inkagwira. Kunyanja kuno munthu amene ali ndi galimoto yaikulu sakana maliro. Munthu akafera kuchipatala, kapena akafera kuno koma kwawo kuli kumapiri, akulu amabwera pakhomo pa mwini lole, n'kukhala pansi. Safunika kunena zambiri. Mwini lole amapereka galimoto ndi dalaivala, anamfedwa amapereka mafuta. Zinali choncho ndisanabwere. Ndipo chimene munthu wabweretsa pamaliro sichiunikidwa. Kaya ndi ufa wa kondowole, kaya nkhuni zaziwisi, kaya nkhuku yowonda, umalandira ndi manja awiri n'kunena kuti yewu. Kumasula thumba kuti uone ngati ufa ndi wabwino, chimenecho ndi chipongwe chimene anthu a kuno saiwala. Nthawi imene mafuta ankapezeka panalibe vuto. Wamkulu wa anamfedwa ankakwera nane kutsogolo, tinkaima pa filingi ku Chintheche, iye n'kulipira.

2011: mafuta asowa

Chaka chimenecho mukuchikumbukira, munali akuluakulu. Munthu unkafola ndi galimoto ku Mzuzu mpaka ndevu kumera, mafuta n'kuthera pa amene ali patsogolo pako. Dizilo anasamukira m'zigubu, kuseri kwa magolosale. A Longwe anagula migolo iwiri, anaiika m'shedi ku Tukombo, ndipo kiyi wa shedi anampatsa mwana wawo Wyson. Pambali pa migoloyo panali mgolo wina wa palafini wa nyali za asodzi, zija amapopa n'kuika pabwato kuti usipa ubwere. Palafini ankapezekako. Msodzi aliyense anali ndi wake.

Lole inayamba kudwala pang'onopang'ono. Chitunda chochoka ku Mpamba kukwera ku Mzuzu ndinkachidziwa ngati khomo la nyumba yanga. Pamene ndinkadutsa pa giya yachitatu, inayamba kupempha yachiwiri. Kenako yoyamba. Injini inkagogoda ngati muli munthu akukhoma misomali. Utsi unasanduka woyera, wowawa m'maso. Mafuta ankatha msanga kuposa kale, katundu ali yemweyo. M'mawa inkalira movutikira, ndipo ikatentha n'kuizimitsa, inkakaniratu. Ndinasintha sefa ya mafuta, osathandiza. Tsiku lina inazima pafupi ndi msika wa ku Mzuzu ndi matumba a usipa pamwamba, ndipo sinadzukenso.

Makaniko wathu anali a Gondwe. Anamasula pampu ya dizilo, anaitsegula patebulo, n'kundiitana. Pansi pake panali timadontho tonyezimira ngati mamba a nsomba.

"Mukuona izi? Ndi chitsulo. Pampu yanu yadzidya yokha."

"Yakalamba?"

"Sinakalambe. Galimoto iyi ikumwa palafini."

Ndinawauza kuti ine palafini sindithira. Anati iwo sakufunsa amene akuthira. Anandifotokozera kuti dizilo ali ndi kuterera kwake, ndiko kumasunga zitsulo za m'pampu kuti zisakhulane. Palafini ndi wouma. Amayaka ndithu, galimoto imayenda, n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Koma mphamvu yake ndi yochepa, amayaka mosalongosoka, ndipo m'kati zitsulo zimadyana mpaka pampu imalephera kukankha mafuta. Kunyanja kotentha ndiye zimafulumira. Anandionetsa kayesedwe kake. Uviike chala, utikite ndi chinzake: dizilo amaterera, palafini amauma msanga, khungu n'kutsala lokhakhala. Ukakayika, udontheze papepala la thumba la simenti. Dizilo amasiya banga lonona losachoka, wosakaniza amamwazika n'kufufuma m'mbali. Tinayesa wa m'thanki yanga. Anamwazika.

A Gondwe anali ataimbira kale a Longwe ndisanafike ku Tukombo. Ndinawapeza pakhonde, Wyson ataima pambuyo pawo.

"Chisale, khalani pansi."

"Ada" uja anali atachoka. Ndinamva.

"Palafini akulowa bwanji m'galimoto yanga?"

"Sindikudziwa."

"Amagona nayo panjira ndani?"

"Ndine."

"Amagula mafuta kwa mavenda ndani?"

"Ndine. Ena ndimathira a m'shedi."

Wyson anaseka. "Ndiye mukuti ndine? Adadi, madalaivala onse akuchita zomwezi. Amapopa dizilo ndi paipi n'kugulitsa, akatero amadzazira palafini kuti geji isaulule."

Zimene ananenazo zinali zoona. Ndinkawadziwa madalaivala amene ankachita. Ine sindinachite, koma ndinalibe chosonyeza. A Longwe anati apeza pampu ina yogwirapo kale ntchito, yochokera ku Tanzania. "Imeneyo ikafa ngati iyi, makiyi mudzampatse Wyson. Akuphunzira kale." Sanandinene kuti ndine wakuba. Akanandinena zikanakhala bwino, ndikanayankha.

Nkhani inayenda gombe lonse. Amayi ogula usipa ankandifuulira pokweza matumba kuti, "Ada Chisale, mutigawireko dizilo, tamva muli ndi filingi kunyumba." Ankaseka. Ine sindinkaseka. Kutchalitchi munthu amene tinkakhala naye benchi limodzi anayamba kukhala kutsogolo. Ntchito ikanatha ndikanapeza ina. Koma dalaivala amene wachotsedwa chifukwa cha mafuta salembedwanso, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Karonga.

Pampu itaikidwa ndinagula loko wamkulu, ndinakhomera pachitsekero cha thanki. Kiyi ndinamumanga pakhosi ndi chingwe. Kuyambira pamenepo sindinakhulupirire munthu. Chigubu chilichonse cha venda ndinkaviikamo chala, ndipo m'kabini ndinkayenda ndi mapepala a simenti. Venda wina wa pa Chintheche anatopa nane. "Madala, bwanji mungolawa? Ndikupatseni kapu?" Zigubu zake ziwiri ndinazibweza. Ndinaganiza kuti ndamupeza munthu wanga, koma kwa iyeyo ndinali nditagulako kamodzi kokha. Ndinkalowa m'shedi Wyson akatsegula, n'kuviika kamtengo m'mgolo wa palafini kuti ndione ngati akutsika mopitirira. Ankatsika monga mwa nyali zawo. Mlonda wa a Longwe, nkhalamba yosamva khutu limodzi, ndinamuunika m'kachikwama kake ali kuchimbudzi. Munali fodya ndi chinangwa chootcha.

Ndinafika pokayikira a m'nyumba mwanga. Ndinaona kuti nyali yathu siuma pamene anthu osakhala asodzi akudandaula.

"Palafini uyu mumamutenga kuti?"

Amayi anu anasiya kusenda chinangwa. "Kwa achimwene a Goodwin. Amatigawira wa kubwato. Bwanji, mukufuna inenso mundikhomere loko?"

Ndinatuluka panja.

Lole inayenda bwino miyezi ingapo. Mvula itayamba, kugogoda kuja kunabwerera. Ndinakumva pachitunda cha ku Mpamba chomwecho, kochepa, koma sindikanakusokoneza ndi kanthu kena. Ndinaima pambali, ndinalowa pansi, ndinakhetsa mafuta pang'ono papepala. Anamwazika. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, kiyi ali pakhosi. Loko anali wosathyoledwa. Dontho lililonse limene ndinagula ndinaliyesa. Ndiye anatsegula thanki ndani? Ndine ndekha. Ndinayamba kubwerera m'mbuyo ulendo ndi ulendo, mpaka ndinafika pa maliro a ku Bandawe a mlungu wapitawo. Anamfedwa sakanapita nane pa filingi, panalibe kanthu. Anabwera ndi zigubu. Ine ndinatsegula loko, ndinawasiyira fanelo yothirira, n'kupita kukakhala pansi ndi amuna kukapepesa, monga ayenera kuchitira munthu. Anyamata a pabanjapo anathira okha. Ndinkachita choncho pamaliro aliwonse chiyambire kusowa kwa mafuta, ndipo maliro anali ambiri. Sindinaganizepo zoviika chala m'chigubu cha munthu wolira.

Ndinawauza a Longwe tili awiri, kuseri kwa thandala la usipa. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Mwasowa pothawira, tsopano mukunamizira anthu olira?"

"Sindikuti akuba, Ada. Ndikuti dizilo akawachepera amadzazira."

"Anthu awa ndinabadwa nawo. Inu ndi mlendo. Mawu amenewa musadzawabwerezenso, kwa ine kapena kwa wina."

Ndinawauzanso amayi anu. Iwo sanatsutse. Anangoti, "Munthu sangabwere ndi chigubu chatheka anthu akuona. Ndi manyazi." Anawonjeza kuti, "Ngati mukufuna kuyesa, mukayese kwina. Musadzachite pa maliro a kwathu."

2012: Kande

Maliro otsatira anali a kwawo. Anamwalira ndi malume awo a amayi anu, amene iwo amati asibweni, a Kamanga. Anali msodzi pa Kande moyo wawo wonse, koma kwawo kunali kumapiri kupitirira Mpamba, ndipo anali atanena kuti akagone kumeneko. Nthawi imeneyo pampu inali itayamba kale kukana ikatentha. Wyson anali atatenga laisensi. A Longwe anali atandiuza kuti mwezi ukatha tikambirane. Ndinadziwa chimene tidzakambirane. Mpata wina woyesera zigubu za anamfedwa sukanapezeka, ndipo a Longwe eni ake akanakhalapo chifukwa ndiwo ankayendetsa mwambo wa mapemphero.

Mkamwini pamaliro a kwa mkazi wake amagwira ntchito, salankhula. Ndinaimika lole pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi siwa. Amayi a mpingo ankaimba m'nyumba. Bokosi linali lisanatuluke. Alamu anga a Goodwin anabwera ndi zigubu ziwiri pa njinga. Munthu ameneyu anali atandichitira zabwino zambiri. Ndiye anandilankhulira kwa akulu pamene ndinkafunsira amayi anu, ena akukana kuti Mchewa adzapita ndi mwana wawo kutali. Anagwirako ntchito ku Joni, ndipo ankadziwa kanthu pa chilichonse.

"Alamu, tsegulani. Anyamata athira, inu kapumeni, akulu akukufunsani uko."

Ndinatsegula loko. Sindinachoke. Ndinamasula chitsekero cha chigubu choyamba n'kuviika chala. Anali dizilo. Ndinamasula chachiwiri. Chala chinauma ndisanamalize kutikita.

A Goodwin anayang'ana chala changa, kenako nkhope yanga. Analankhula motsitsa. "Alamu, mukutani?"

"Muli palafini umu."

"Pang'ono chabe. Dizilo tinapeza chigubu ndi theka, tayenda mpaka ku boma. Mumafuna tibwere ndi chatheka? Mafuta ndi mafuta. Ku Joni azungu amasakaniza nthawi yozizira, galimoto zimayenda bwinobwino."

"Kuno si kozizira."

"Tsekani, anthu akuona."

Ankaonadi. Amuna amene anakhala pamabenchi anali atasiya kulankhula. Ndikanatseka. Ndikanathira, tikanapita, mwezi ukanatha, ine n'kupereka makiyi ndi dzina la wakuba, alamu anga n'kumandigawirabe palafini wa nyali. Ndinaganiza za amayi anu ali m'nyumba muja pambali pa bokosi. Ndinatuma munthu kuti akaitane a Longwe.

Anabwera ndi buku la nyimbo m'manja, atavala jekete lakuda. Sindinafotokoze. Ndinangoti, "Ada, viikani chala umu, kenako umu." Ndinkayembekeza kuti akana. Anapatsa munthu wina buku lija, anakwinya mkono wa jekete, anaviika m'choyamba, anatikita. Anapukuta. Anaviika m'chachiwiri. Anatikita nthawi yaitali, ananunkhiza, n'kuyang'ana a Goodwin.

"Ada Mhone, izi mwayamba lero?"

"Aliyense amatero, Ada. Ku Bandawe anatero, kwa a Chirwa anatero. Palibe amene amafuna kuononga. Koma mkamwini kununkhiza chipepeso, bokosi lili m'nyumba, zimenezi ine sindinazionepo." Anatembenukira kwa ine. "Mwatiyesa chiyani, alamu? Mavenda?"

Nkhalamba ina pabenchi inalankhula m'Chitonga. Ndinamva mawu akuti mlendo. Nyimbo m'nyumba inali itatha, ndipo amayi ena anali atasuzumira pakhomo.

A Longwe anapukuta chala pa mpango. "Thirani zonse ziwiri."

"Ada, pampu ifa."

"Ndamva. Galimoto ndi yanga. A Kamanga akagona kwawo lero. Thirani."

"Ndithira. Koma munene kaye pano, anthu akumva. Ankaba dizilo wanu ndani?"

Funso lotere silifunsidwa pamaliro. Ndinkadziwa. A Longwe anandiyang'ana mokwiya, ndipo ndinaganiza kuti andilanda makiyi pomwepo. Wyson anali ataima pafupi ndi chitseko cha kabini. Kenako a Longwe anakweza mawu, ngati mmene amalengezera kutchalitchi.

"Palibe ankaba. Ada Chisale sanabe, ndipo a pabanja pano sanabe. Nkhani yatha. Tulutsani bokosi."

Ndinathira ndekha zigubu zonse ziwiri.

Ulendowo unali woipa. Mpaka ku Mpamba lole inayenda, ikugogoda. Titasiya msewu wa tala n'kuyamba kukwera, utsi woyera unkabwerera kumbuyo kumene kunali bokosi ndi anthu, amayi n'kumatsokomola pakati pa nyimbo. Pachitunda chachikulu inazima. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, amuna analumpha kukaika miyala. Inakana kulira. Ndinapempha madzi akumwa amene amayi ananyamula, ndinathira pa pampu kuti izizire. Inalira. Tinakwera pang'ono, inazimanso. Kachitatu madzi anatha, anyamata anatsikira kumtsinje ndi ndowa. Palibe amene anandilankhula. A Longwe anali pambali panga m'kabini, maso kutsogolo, milomo ikuyenda. Tinafika kumanda dzuwa litapendeka. A Kamanga anaikidwa kwawo.

Tinagona komweko. Pobwerera m'mawa mwake, tikutsetsereka, inayenda mpaka ku Limphasa. Pakati pa minda ya mpunga inatsokomola n'kuzima, ndipo madzi sanathandizenso. Anthu anatsika, ena anakwera minibasi, ena matola. A Goodwin anadutsa pambali panga osandiyang'ana. Amayi anu anapita ndi abale awo. Tinatsala awiri ndi a Longwe pamthunzi wa lole, tikudikira thirakitala yoti itikoke. Alimi ankadutsa ndi matumba a mpunga pa njinga, n'kumatipatsa moni.

"Ndinakuyesani wakuba," anatero a Longwe.

"Ndikudziwa."

"Mukanandiuza."

"Ndinakuuzani. Kuseri kwa thandala."

"Eya. Munandiuza." Anathyola kaudzu n'kumakatafuna. "Koma mwalakwira akwanu, Ada Chisale. Zimenezo ine sindingakukonzereni."

Sananame. Amayi anu anakhala ku Kande mpaka mwambo wa kusesa utatha, ndipo atabwera ankandipatsa chakudya osakhala nane pansi. Patapita milungu anayamba kundiyankha. Tsiku lina anati, "Ndinakupemphani chinthu chimodzi." Ndinati, "Ndikudziwa." Sitinakambenso. A Goodwin anasiya kubwera kunyumba. Inu mukudziwa kuti paukwati wa mwana wathu Grace anatuma mkazi wawo yekha. Gombe lonse linasiya kundinena za dizilo, linandipatsa dzina lina: Wonunkhiza. Ndinalilandira. Ndi dzina limenelo munthu amalembedwa ntchito.

Lole inakhala pansi pa mtengo ku Tukombo miyezi yambiri chifukwa pampu sinkapezeka. Wyson anatopa kudikira, anapita ku Joni. Ine ndinkathandiza kuyanika usipa. Pampu itapezeka a Longwe ananditumizira makiyi. Maliro sanasiye kunyamula, koma anayamba kusunga chigubu chawo cha maliro m'shedi, ndipo anamfedwa ankauzidwa kuti za mafuta asavutike, adzabweza akadzapeza. Ena ankabweza.

Chaka changa chomaliza

A Longwe anamwalira mafuta atasowanso, ine ndili pafupi kupuma. Anafera kuchipatala ku Mzuzu. Anali atauza ana awo kuti akawatenge ndi lole yawo, ndipo woyendetsa ndikhale ine. M'shedi munalibe dontho. Akulu analengeza kuti amene ali ndi dizilo abweretse.

Anabweretsa. Wina botolo, wina kachigubu, wina wochokera ku chigayo chake. Ndinaima pa thanki ndi fanelo. Munthu aliyense ankaika chake patsogolo panga n'kumasula yekha chitsekero. Palibe amene anawauza. Ndinkaviika chala, n'kuthira. Womaliza anali a Goodwin, atakalamba, akukankha njinga m'malo mokwera. Anatsitsa chigubu chodzaza, anamasula, n'kubwerera m'mbuyo. Moni sanandipatse.

Anthu ankaganiza kuti apa pokha ndichita manyazi. Ndinaviika chala. Ndinatikita. Anali dizilo weniweni.

"Yewu, alamu," ndinatero.

"Musathokoze," anatero a Goodwin. "Palafini tilibe masiku ano. Nyali zonse ndi za batire."

Anagwira fanelo, ine ndinathira.